Kudzutsa kanjinga kamoto ka Honda Z50 kamene kagona zaka: yambani ndi moto, penti ibwere pomaliza

Chiyambireni kuyenda pa kanjinga kanga ka Honda Z50A, funso lomwe anthu amandifunsa ndi limodzimodzi. Wina wakapeza kuseri kwa garaja ya abwana ake ku Johannesburg, wina anasiyiridwa ndi malemu amalume ake, wina wakatola kwa ogula zitsulo zakutha. Onse amati, "Achimwene, ndiyambire pati?" Chondimvetsa chisoni n'chakuti ambiri akamafunsa amakhala atagula kale zitini za penti, ena atapala kale thanki mpaka chitsulo kuyera. Pakamwa panga pauma ndi kubwereza, ndiye ndalemba pano kamodzi. Wofunsanso ndizingomulozera kuno.

Kwa amene simukukadziwa bwino, kanjinga kameneka ndi kaja azungu amakatcha Monkey, chifukwa munthu wamkulu akakwerapo, mawondo ali m'mwamba, msana uli khoo, amaoneka ngati pusi wakhala pa chitsa. Kanayamba mu 1961 ngati choseweretsa ana pa malo achisangalalo a Tama Tech ku Japan, ndipo panthawiyo ankakatcha Z100. Makolo ataona kuti nawonso akukakonda, Honda inayamba kukagulitsa. Z50M inatuluka mu 1967, kenako Z50A, yomwe ku America inatchuka ndi dzina la Mini Trail, inatuluka mu 1968. Honda inasiya kupanga Monkey ya 50cc mu 2017. Injini yake ndi ya 49cc, yogona chopingasa mutu utaloza kutsogolo, ndipo ndi m'bale wake wa injini ya njinga ina ya Honda yotchedwa Super Cub. Zomwe ndalemba pano ndazilemba ndikuyang'ana Z50A ya m'zaka za m'ma 1970, koma zambiri zimagwiranso pa njinga zina zakale za Honda, CT70 ndi C50.

Mfundo yanga ndi imodzi: kanjinga kalire kaye, kayende, kaime mukaponda buleki. Zokongoletsa zonse zidikire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

1. Onani manambala ndi mapepala musanatayepo ndalama

Nambala ya felemu ili pakhosi pomwe pamalowa mafoloko, ndipo ya injini ili kumanzere, pansi, pafupi ndi chopondera magiya. Pukutani ndi kansalu konyowa ndi palafini, muzilembe m'buku. Ngati pamalopo papalidwa ndi girayinda kapena pawotchereredwa, kasiyeni, kangatchipe bwanji. Muuzeni wokugulitsaniyo akulembereni kalata yogulitsira yokhala ndi manambala awiriwo, asayine pamaso pa mboni. Manambalawa adzakuthandizaninso pogula zipangizo, chifukwa Z50A ya 1969 ndi ya 1974 sizofanana. Zoyambirira zinalibe mashokabu kumbuyo, anabwera mu 1972. Mukaitanitsa chinthu mongoti "cha Monkey" mudzalandira chosalowa.

2. Jambulani, tsukani, koma musaphwasule zonse

Tengani foni mujambule mbali zonse: momwe mawaya adutsira, momwe makebulo a buleki ndi a moto apindikira, mbali yomwe kasipulingi kalikonse kakoledwa. Lero mukuona ngati mudzakumbukira. Pakatha miyezi itatu simudzakumbukira. Chilichonse chomwe mwachotsa chilowe m'kajumbo kakekake ndi kapepala kolemba komwe chachokera. Ine ndimagwiritsa ntchito mabotolo a chiponde otha.

Tsukani ndi palafini ndi bulashi yakale yotsukira mano, kenako sopo ndi madzi. Musapite nako kotsukitsa magalimoto kuti akakathire madzi amphamvu aja, amalowa m'maberingi ndi m'magineto.

Tsopano nkhani ya masikuluwu, yomwe yaliza amakaniko ambiri. Masikuluwu a mtanda a pa injini za ku Japan zakale si a Phillips, ngakhale amaoneka choncho. Ndi a mtundu wotchedwa JIS, ndipo ambiri amakhala ndi kadontho kamodzi pamutu. Sikuludiraiva wamba ya mtanda imaterera m'mwamba mukalimbika, n'kudya mutu wonse mpaka kusanduka kadzenje kozungulira. Ngati ya JIS simungaipeze, pezani chida chija amati impact driver ya pamanja, yomwe mumaimenya ndi hamala ndipo imadzipotokola yokha. Thirani kaye mafuta omasulira dzimbiri usiku wake, gogodani mutu wa sikuluwu pang'ono, kenako menyani kamodzi motsimikiza. Sikuluwu imodzi yoduka m'kati mwa aluminiyamu ikhoza kukudyerani sabata yathunthu.

3. Musaponde kiki, onani kaye ngati injini ikutembenuka

Aliyense akaona kanjinga kakale mwendo umayabwa. Dziletseni. Ngati pisitoni yagwirana ndi silinda chifukwa cha dzimbiri, kuponda kiki ndi thupi lanu lonse kumathyola maring'i kapena mano a giya ya kikiyo, ndipo kuti mufike pa giya imeneyo mpaka mutang'amba injini pakati.

Masulani pulagi. Thirani m'bowomo oyilo wokwana supuni imodzi yaing'ono. Chotsani chivundikiro cha kumanzere kwa injini kuti magineto aoneke. Magineto ndi chigudumu cholemera chija chomwe chimazungulira limodzi ndi kirankishafiti, m'mabuku amati flywheel. Chigwireni ndi dzanja muyese kuchizungulitsa mosemphana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera. Chikazungulira, ikani chala chachikulu pabowo la pulagi, mnzanu akankhe kiki ndi dzanja. Mpweya ukakankha chala chanu mwamphamvu n'kumveka kuti "pfu", injiniyo ili ndi moyo.

Chikakana kuzungulira, musachikakamize ndi sipanala yaitali. Popeza silinda ndi yogona, mafuta omwe mwathira amangokhala pansi, sakhudza pamwamba pa pisitoni. Khuthulani oyilo wakale, chotsani thanki, muimike kanjingako chotsamira khoma, tayala lakutsogolo lili m'mwamba, kuti silinda iloze kumwamba. Sikolemera, n'kapafupifupi makilogalamu 50. Dzazani bowo la pulagi ndi palafini wosakaniza ndi oyilo, musiye masiku atatu kapena sabata. Tsiku lililonse gwedezani maginetowo uku ndi uku pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati pakatha sabata ziwiri palibe chasintha, chotsani hedi, muike kamtengo kolimba pamwamba pa pisitoni ndi kugogoda mosamala. Silinda ya injini imeneyi ndi ya mamilimita 39. Ikakhala ndi maenje a dzimbiri omwe chikhadabo chikukodwamo, ipite kwa obowola ndipo mugule pisitoni yokulirapo ndi 0.25 kapena 0.50. Gulani pisitoni kaye, mupite nayo limodzi, kuti abowole moyeza pisitoni yomwe ilipo.

4. Oyilo ndi zosefera zake

Bawuti yokhuthulira oyilo ndi yaikulu ija ya sipanala 17, yoloza pansi penipeni. M'mainjini ambiri a banja limeneli pafupi nayo pali ina yopendekeka, yomwe imagwira sipulingi yokungira tcheni cha m'kati. Ambiri amamasula imeneyo n'kudabwa kuona sipulingi ikugwa. Isiyeni.

Injini imeneyi ilibe fyuluta yapepala. Ili ndi kasefa kawaya pansi, kuseri kwa chivundikiro cha kumanja, komanso kachipinda pankhope pa klatchi komwe kamakola zinyalala pozungulira. Tsegulani zonse ziwiri. M'kachipindako mudzapeza matope akuda olimba ngati dothi loumbira mbiya, a zaka makumi angapo. Palani, tsukani, ikani gasiketi yatsopano. Oyilo amalowa pang'ono, osafika lita imodzi, pafupifupi 0.8. Gulani wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA pa botolo, chifukwa klatchi imasambira mu oyilo yemweyo ndipo oyilo wina wa magalimoto amakono amaiteretsa. Poyeza, kanjinga kaime chilili, ndipo kandodo koyezera mungokakhazika pabowo osakamangira.

5. Moto wa pa pulagi: apa ndi pomwe ambiri amagonjera

Malangizo ambiri amangoti "onetsetsani kuti pulagi ikutulutsa moto" n'kudumphira kwina, ngati kuti motowo umabwera wokha. Vuto ndi lakuti anyamata ambiri okonza njinga za kabaza masiku ano anaphunzira pa njinga za CDI, kabokosi kakuda komwe kakafa umangotaya n'kulumikiza kena. Z50A ilibe kabokosi kameneko. Ili ndi mapoyinti, tizitsulo tiwiri tokhala m'kati mwa magineto tomwe timatsekana ndi kutsekuka injini ikamazungulira. Nthawi yeniyeni yomwe tatsekuka ndi yomwe moto umathetheka pa pulagi. Tikachedwa kapena kufulumira, kapena tikachita dzimbiri, palibe chomwe mungachite ku kabureta chomwe chingalize injiniyo. Dziwaninso kuti moto umenewu suchokera ku batire. Kugula batire yatsopano poganiza kuti ndiye kalira n'kutaya ndalama.

Yambani ndi pulagi yatsopano, NGK C6HSA, mpata wake ukhale pakati pa 0.6 ndi 0.7 ya milimita. Ilowetseni m'kapu yake, gunditsani thupi lake pa chitsulo cha hedi, tsegulani kiyi, mnzanu aponde kiki. Chitani zimenezi m'nyumba kapena madzulo, padzuwa simungaone kanthu. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati wa gasi ndipo umamveka kuti "tha tha tha". Wofiirira wofooka kapena kusowa kwa moto kukutanthauza kuti tilowe m'kati.

Magineto ali ndi timawindo. Zungulitsani mpaka mapoyinti aonekere pa windo limodzi. Mudzaona kuti nkhope zake zachita zoyera kapena zobiriwira ngati ndalama yachitsulo yokhalitsa m'dothi. Dulani kachidutswa kakang'ono ka sandipepa wosalala kwambiri, mukapinde kuti mbali zonse zikhale zokhakhala, mutsekule mapoyinti ndi nsonga ya sikuludiraiva, mulowetse ndi kukoka kangapo. Mukatero, musaiwale ichi: dulani kapepala koyera kolimba, mukanyowetse ndi petulo pang'ono, mukadutsitse pakati pa mapoyintiwo mpaka katuluke kopanda litsiro. Kamchenga kamodzi kotsalira kuchokera ku sandipepa n'kokwanira kuletsa moto. Pa njinga zambiri zogona, kutsuka kokhaku kumabweretsa moto.

Tsopano mpata. Zungulitsani mpaka mapoyinti atseguke kufika pamapeto pake. Yezani ndi timapepala tachitsulo toyezera tija amati feeler gauge: pakhale pakati pa 0.3 ndi 0.4 ya milimita. Kuti musinthe, masulani pang'ono sikuluwu yomwe yagwira mapoyinti, mulowetse sikuludiraiva pa kampata komwe anakakonzera ntchito imeneyi, musunthe, mumangenso. Mukamanga mpata umakonda kusuntha, choncho yezaninso.

Chomwe mabuku ambiri safotokoza bwino n'chakuti pa injini imeneyi mpata womwewo ndi umene umalamula nthawi ya moto. Mukaukulitsa, mapoyinti amatseguka msanga ndipo moto umafulumira. Mukauchepetsa, moto umachedwa. M'mphepete mwa magineto muli zilembo ziwiri, F ndi T, ndipo pa thupi la injini pali kamzere kapena kanong'o kolozera. F ndi ya moto. T ndi pomwe pisitoni yafika pamwamba penipeni, imeneyo tiigwiritsa ntchito pa mavalavu. Mapoyinti akuyenera kuyamba kutseguka pamene F yafika pa kamzereko, osati isanafike, osati itadutsa.

Maso sangaone nthawi imeneyo, ndiye timabwereka njira ya akuluakulu akale. Tengani kapulasitiki kopyapyala kokutira paketi ya ndudu, mudule kachingwe kakang'ono. Kapanitseni pakati pa mapoyinti atatsekana. Dzanja limodzi likoke kapulasitikiko mopepuka, lina lizungulitse magineto pang'onopang'ono mosemphana ndi mivi ya wotchi, F ikuyandikira kamzere. Pomwe kapulasitiki kapulumuke m'mapoyinti, imani, muyang'ane. F ikakhala isanafike, moto wafulumira, chepetsani mpata. Ikakhala yadutsa, moto wachedwa, kulitsani. Bwerezani mpaka zigwirizane. Ine tsiku loyamba ndinabwereza kasanu ndi kawiri, nditakhala pa chidebe, nsima mpaka kuzizira. Mukaona kuti kuti F igwirizane mpata ukutuluka kunja kwa 0.3 ndi 0.4, ndiye kuti kachidendene ka mapoyinti, kamene kamakhuzana ndi kamu (chitsulo chotumphuka chomwe chimatsegula mapoyinti chikamazungulira), kadyeka. Pamenepo pafunika atsopano.

Kusintha mapoyinti kumafuna kuchotsa magineto, ndipo apa ndi pomwe tinjinga tambiri taphedwera. Mukamasula nati yapakati, maginetowo samachoka, anakhala mothina pa nsonga yosongoka ya kirankishafiti. Musawamenye ndi hamala, musawatukule ndi tayala liva, musakole chokokera cha miyendo itatu m'mphepete. Hamala imafooketsa maginito a m'kati ndi kupinditsa kirankishafiti. Pali chida chakechake, flywheel puller, chomwe chimalowa m'mazinga a pakati pa maginetowo. Mazinga ake ndi amanzere, kutanthauza kuti chimalowa mukamapotokola mbali yomwe bawuti wamba amamasukira. Chilowetseni mpaka pansi, kenako mumange bawuti yake yapakati, mudzamva "pho" magineto amasuka. Samalani kakiyi kooneka ngati theka la mwezi komwe kali pa shafiti. Ndi kamene kamasunga magineto pamalo pake, ndipo kakameteka kapena kutayika, nthawi ya moto yonse imasokonekera ngakhale mapoyinti muwatchere bwanji.

Musanagule mapoyinti, werengani dzina lomwe ladindidwa pa maginetowo. Ena ndi a Hitachi, ena ndi a Mitsubishi, ndipo mapoyinti awo salowana. Sinthaninso kondensa, kachitini kakang'ono komwe kali pomwepo. Ikafooka, injini imalira ikazizira koma ikatentha imayamba kuphulikaphulika ndipo pa mapoyinti pamaoneka moto wambiri. Mawaya ake amalumikizidwa ndi mtovu wosungunula, ndiye ngati mulibe chida chake pitani kwa okonza mawailesi. Pomaliza donthezani kadontho kamodzi ka oyilo pa kansalu kokhuthala komwe kamapukuta kamu. Kamodzi kokha. Awiri amafalikira pa mapoyinti n'kuyambanso mavuto omwe aja.

Ngati zonsezi mwachita koma moto kulibe, chotsani waya wopita ku kiyi muyesenso. Kiyi wa tinjinga timeneti amazimitsa injini pogunditsa moto ku felemu, ndiye akachita dzimbiri m'kati amatha kumangozimitsa nthawi zonse. Koyilo, yomwe imakweza mphamvu ya moto wopita ku pulagi, muiganizire pomaliza, kawirikawiri imakhala yosalakwa.

6. Mavalavu

Iyi ndi ntchito ya mphindi khumi, injini itazizira. Tsegulani tizivundikiro tiwiri tozungulira pa hedi, kapamwamba ndi kapansi. Fikitsani T pa kamzere kaja, mugwedeze timikono tokankha mavalavu. Tonse tiwiri tizigwedera pang'ono. Ngati tagwira, zungulitsani magineto kamodzi kathunthu mufikenso pa T. Mpata ndi 0.05 ya milimita konsekonse. Valavu yothina imathawitsa mphamvu ndipo injini imavuta kulira m'mawa. Yolira "tiki tiki" pang'ono ndi yabwino kusiyana ndi yachete yomwe ikupsa.

7. Thanki

Tsegulani chitsekerero munuse. Fungo la vanishi likutanthauza petulo wakale woola. Unikani ndi tochi. Ngati muli dzimbiri, musalumikize thankiyo ku kabureta ngakhale kwa mphindi imodzi, mudzangotsukanso kabureta kachiwiri.

Chotsani kampopi ka petulo, mutseke bowolo ndi kamtengo kokulunga pulasitiki. Ponyanimo manati ndi mabawuti ang'onoang'ono odzaza dzanja, ndipo muwawerenge polowetsa kuti mudzawerengenso potulutsa. Thiranimo palafini pang'ono, mukhutchumule mpaka mikono iwawe. Khuthulani, tsukani ndi madzi a sopo, kenako mudzaze viniga woyera wa m'sitolo mpaka pakamwa. Thanki yake ndi yaing'ono, sikuwonongerani ndalama zambiri. Isiyeni masiku awiri kapena atatu, mukuigwedeza m'mawa ndi madzulo. Samalani viniga asakhale pa penti yakunja. Mukakhuthula, tsukuluzani ndi madzi osungunuliramo soda wophikira kuti asidi afe, ndipo muumitse nthawi yomweyo padzuwa lamphamvu. Chitsulo chotsukidwa chotere chimachita dzimbiri latsopano tsiku lomwelo, ndiye chikangouma zungulizanimo oyilo wosakaniza ndi petulo pang'ono.

Pakaoneka timabowo todontha, musalole wowotcherera ayandikize moto pa thanki yomwe ikununkhabe petulo. Thanki yopanda kanthu koma yodzaza mpweya wa petulo imaphulika kuposa yodzaza.

Amene muli ku Malawi kumbukirani kuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zomwe zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyontho ndipo amadya mapaipi a labala akale. Sinthani paipi ya petulo, muikepo kafyuluta koonekera m'kati, ndipo ngati kanjinga kakhale mwezi osayenda, khuthulani kabureta.

Chinthu china chomwe chinandipusitsa ine mwini: chitsekerero cha thanki ya Z50A chili ndi kotembenuza kolembedwa ON ndi OFF. Honda inapanga kanjingaka kuti mahandulo azipindika, kazigonekedwa m'buti ya galimoto, ndiye kotembenuzako kamatseka mpweya kuti petulo asatayike. Kakakhala pa OFF injini imalira bwinobwino mphindi zingapo kenako n'kuzima ngati petulo watha. Ndinamasula kabureta kawiri konse ndisanayang'ane pa chitsekerero chomwe chinali pamphuno panga.

8. Kabureta

Ngati ili ya Keihin yoyambirira, isungeni. Zotchipa zomwe zadzaza m'misika zimalowa, koma majeti ake, tizitsulo tamabowo momwe mumadutsa petulo, kawirikawiri sagwirizana ndi injini yaing'ono chonchi. Musanamasule sikuluwu ya mpweya ya m'mbali, imangeni mofatsa mukuwerenga kuti yazungulira kangati mpaka kufika pansi, mulembe. Ngati wina anaisokoneza kale, yambirani pa kamodzi ndi theka kuchokera pansi.

Masulani zonse, munyike zachitsulo mu petulo kapena thina usiku wonse, zalabala zikhale padera. Majeti ndi awiri. Yaikulu siivuta. Yaing'ono, yomwe imadyetsa injini ikamalira payokha, ili ndi kabowo kochepa ngati tsitsi, ndipo ndi imene imatsekeka. Chizindikiro chake n'chakuti injini imalira choko chikatsekedwa basi, mukatsegula imazima. Musaitokose ndi singano kapena waya wachitsulo, mukulitsa bowo ndipo kanjinga kadzakhala kakumwa petulo ndi kudetsa pulagi mpaka kalekale. Sololani kawaya kamodzi ka kopa m'chingwe cha magetsi, ndi kofewa kuposa jetiyo. Mukatha iyang'aneni kudzuwa, kuwala kuoneke kozungulira. Choyandama cha m'kabakuli ka pansi chigwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva madzi m'kati ndiye kuti chabooka. Siponji ya fyuluta ya mpweya idzakhala itafumbutuka ngati mkate wouma. Ikani ina, yonyowetsedwa ndi oyilo n'kufinyidwa. Ndi fumbi la mwezi wa Okutobala, kuyenda wopanda fyuluta ndi kupala silinda ndi manja anu.

9. Kuliza koyamba

Chitirani panja, chidebe cha mchenga chili pafupi. Unikani kaye m'paipi ya utsi, makoswe ndi mavu amakonda kumangamo. Tsegulani petulo, tsekani choko, onetsetsani kuti giya ili pa fulii, pondani. Ikalira musaikokere moto. Utsi woyera wa mphindi zoyamba ndi oyilo uja munathira pa pulagi. Masulani pang'ono kachivundikiro ka valavu yapamwamba muone ngati oyilo akufika ku hedi. Pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri pali pouma, zimitsani msanga, njira ya oyilo yatsekeka.

Kanjingaka kali ndi magiya atatu ndipo kalibe chogwirira klatchi pa handulo, klatchi imadzigwira yokha injini ikakwera. Ngati kakudumpha polowetsa giya kapena kakuterera, injini itazima masulani nati ya pa sikuluwu yomwe ili pakati pa chivundikiro cha kumanja. Potokolani sikuluwuyo mbali yomangira kamodzi kathunthu, mubwerere mbali yomasulira pang'onopang'ono mpaka mumve kuti yayamba kulimba, kenako mubwezenso mbali yomangira pang'ono chabe, gawo limodzi mwa magawo 8 a kuzungulira. Igwireni pomwepo mukumanga nati. Oyilo woyambayu mumukhuthule mukayenda maola awiri kapena atatu, adzatuluka wakuda ndi zotsalira zakale.

10. Matayala, mabuleki ndi tcheni

Matayala ake ndi 3.50-8. Ngakhale akuoneka kuti ali ndi mapanga, ngati ali ndi ming'alu m'mbali atayeni. Marimu ndi a zibanthu ziwiri zomangidwa ndi mabawuti, choncho simulimbana ndi tayala liva. Koma chotsani mpweya wonse, ndi kavalavu ka chubu komwe, musanamasule bawuti ngakhale imodzi, apo ayi zibanthuzo zidzakuulukirani kumaso. Pobwezera, popani chubu pang'ono kuti chisapanidwe pakati. M'kati mwa marimu mumakhala dzimbiri lochuluka, palani ndi kupaka penti.

Mashuzi a buleki sinthani ngakhale akuoneka okhuthala. Guluu wake amakalamba, chikopacho chimamatuka n'kukola wilo muli pa liwiro. Fumbi la m'menemo musaliuzire ndi pakamwa, mashuzi akale ambiri anali ndi asbestos, pukutani ndi nsalu yonyowa. Tcheni ndi nambala 420, chosavuta kupeza. Mano a masipuloketi akasongoka ngati minga ya mtete, sinthani zonse pamodzi ndi tchenicho.

11. Tsopano tikambe za penti

Yendani nako mwezi wathunthu kaye. Muone pomwe pakudontha, chomwe chikugwedera, chomwe chikufuna kuwotcherera. Mukatero mudzadziwa ngati felemu ikufunika kuvulidwa yonse.

Maganizo anga ndi akuti ngati penti yoyambirira ikadalipo yoposa theka, musaichotse. Mitundu yambiri ya pa tinjinga timeneti ndi ija Honda inkaitcha candy, siliva pansi ndi utoto woonekera m'kati pamwamba, ndipo chitini cha sipuleyi cha ku hadiweya sichingafanane nayo. Tsukani, pakani polishi, musiye zipsera zake. Anthu osonkhanitsa tinjinga timeneti amalipira zambiri pa kokhala ndi penti yake yakale kuposa kopakidwa mwatsopano mosalongosoka. Zitsulo zonyezimira zikhuleni ndi kapepala ka aluminiyamu konyowetsa m'madzi, dzimbiri lapamwamba limachoka osakanda. Ngati dzimbiri ladya mpaka penti yatha, apo palani mpaka chitsulo, pakani pulaima tsiku lomwelo, ndipo manambala a felemu muwaphimbe ndi tepi kuti asakwiririke.

Ena amandifunsa ngati angangoikamo injini ya ku China ya 110cc, ya Lifan kapena Loncin. Imalowa, chifukwa mainjini amenewo anatengera ya Honda yomweyi ndipo pomangira pake pamafanana. Koma mabuleki ndi timatayala ta mainchesi 8 anazipangira mphamvu ya 49cc. Mukasankhabe kutero, injini yakaleyo musagulitse kwa a zitsulo. Ithireni oyilo pabowo la pulagi, mutseke polowera ndi potulukira mpweya ndi nsanza, muikulunge m'thumba la feteleza, muiike pa thandala osati pansi pa simenti, ndipo pathumbapo mulembe nambala ya felemu yomwe inachokera.